Dokotala Wolemba Nthano: Mlandu wa Mori Ōgai ndi Mpunga Woyera

M'masukulu ambiri a udokotala ku America ndi ku Ulaya mwafala chikhulupiriro chakuti dokotala amene amawerenga ndi kulemba nkhani zopeka amaposa anzake pa ntchito. Amati munthu wozolowera kulowa mumtima mwa anthu a m'nthano amamva msanga chimene wodwala akulephera kutchula, ndipo akalakwa sachedwa kudzikayikira. Ku yunivesite ya Columbia mu mzinda wa New York, dokotala Rita Charon anachita kukhazikitsa maphunziro a zimenezi, ndipo ogwirizana naye sasowa mayina oti aloze: Anton Chekhov wa ku Russia, Arthur Conan Doyle wa ku Britain, Abraham Verghese amene anabadwira ku Ethiopia. Ena amakana kwamtuwagalu. Kwa iwo mapanga awiri avumbwitsa. Sayansi ya mankhwala imafuna munthu wathunthu, ndipo wopeka nkhani usiku sangadaliridwe masana pa ntchito yofuna kuleza mtima ndi ziwerengero. Mbali iliyonse imatola zitsanzo zoikomera. Koma alipo munthu mmodzi wa ku Japan amene mbiri yake imasowetsa mtendere mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndikuona kuti amene akufuna kukamba nkhaniyi moona mtima ayenera kuyambira pa iyeyo.

Mori Rintarō, amene owerenga amamudziwa ndi dzina lolembera lakuti Mori Ōgai, anabadwa mu 1862 ku Tsuwano, m'banja limene kwa mibadwo yambiri linkapereka asing'anga kubwalo la mfumu ya deralo. Anali wanzeru zoopsa, moti analowa sukulu ya udokotala ku Tokyo atadziwonjezera zaka ziwiri, poti msinkhu wake weniweni sukanaloledwa. Anamaliza mu 1881 ali ndi zaka 19 n'kulowa usilikali ngati dokotala. Mu 1884 boma linamutumiza ku Germany, kumene anakhala zaka zinayi akuphunzira za ukhondo ndi kadyedwe. Anayambira ku Leipzig, n'kupita ku Dresden, kenaka ku Munich kwa Max von Pettenkofer, ndipo anamalizira ku Berlin mu labotale ya Robert Koch, amene mu 1882 anatulukira kachilombo ka chifuwa chachikulu. Atabwerera kwawo anakwera mpaka mu 1907 anakhala mkulu wa madokotala onse a asilikali apamtunda, udindo umene anautula mu 1916. Zaka zonsezi cholembera sanachiike pansi. Mu 1890 anatulutsa Maihime, imodzi mwa nkhani zimene zinatsegula njira ya kalembedwe katsopano ku Japan. Anamasulira Faust ya Goethe, anayendetsa magazini a zolembalemba ndi a zachipatala, ndipo atakula analemba nkhani za makedzana zimene ana asukulu akuwerengabe. Dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi la wolemba mnzake Natsume Sōseki. Ngati kulemba nthano kumanola dokotala, uyu anayenera kukhala wakuthwa kuposa onse.

Chimene chinathimbiriritsa mbiri yake ndi matenda a beriberi, amene kwawoko amawatchula kuti kakke. Amayamba ndi dzanzi ndi kulemera kwa miyendo. Kenaka miyendoyo imatupa kapena kufota mpaka munthu kulephera kuyenda, ndipo akafika kumtima amapha m'masiku ochepa. Lero tikudziwa kuti gwero lake ndi kusowa kwa vitamini B1, amene mu mpunga amakhala m'gaga lija limachoka popuntha kuti mpungawo uyere. Wodya mpunga woyera ndi nyemba, nsomba ndi masamba okwanira savutika. Wokhuta mpunga wokhawokha ndi kandiwo kongonunkhiritsa, pakatha miyezi itatu miyendo imayamba kudandaula. Msilikali wa ku Japan ankalandira pafupifupi magalamu 900 a mpunga woyera patsiku ndi kandalama kochepa ka ndiwo. Kwa mnyamata wakumudzi amene anakulira barele ndi mapira, umenewu unali ulemerero, chifukwa barele chinali chakudya cha amphawi ndi akaidi. Aliyense amene anaonapo mlendo akuphikiridwa nsima ya ufa woyera pomwe mgaiwa, umene uli ndi thanzi lochuluka, aubisa kukhitchini, akudziwa kale kuti nkhani ya chakudya choyera ndi ya ulemu kuposa ya m'mimba.

Munthu woyamba kusonyeza poyera chochita anali Takaki Kanehiro, dokotala wa asilikali apanyanja amene anaphunzira pachipatala cha St Thomas' ku London. Sitima ya Ryūjō itanyamuka kumapeto kwa 1882 kupita ku New Zealand, Chile, Peru ndi Hawaii, mwa anthu 376 amene anali m'menemo 169 anadwala beriberi ndipo 25 anamwalira. Takaki anachonderera akuluakulu mpaka anamulola kutumiza sitima ina, Tsukuba, njira yomweyo mu 1884, koma ndi chakudya chosinthidwa: nyama, mkaka wa m'zitini, mabisiketi, masamba, mpunga wochepa. Mwa anthu 333 anadwala ndi 14 okha, wakufa panalibe, ndipo odwalawo anapezeka kuti ankakana zina mwa zakudya zatsopanozo. Amalinyero atanyansidwa ndi buledi, Takaki anangosakaniza barele mu mpunga, ndipo m'zaka zochepa beriberi anatsala pang'ono kutheratu m'sitima za nkhondo. Ngakhale mwa asilikali apamtunda, magulu ambiri, kuyambira la ku Osaka mu 1884, anayamba paokha kuthira barele, matendawo n'kuchepa. Umboni unalipo, wochokera m'mabungwe awiri, wokhudza anthu zikwizikwi.

Likulu la zachipatala za asilikali apamtunda, lotsogozedwa ndi Ishiguro Tadanori, linakana. Iwo pamodzi ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Tokyo anali ophunzira a sayansi ya ku Germany, ndipo ankakhulupirira kuti beriberi ali ndi kachilombo kake kamene kadzapezeka posachedwa, monga anapezekera ka chifuwa chachikulu ndi ka kolera. Mori ndiye anakhala pakamwa pawo. Ali ku Leipzig analemba nkhani yoikira kumbuyo chakudya cha mpunga, ndipo mu 1889 anatsogolera kafukufuku woyerekeza mpunga woyera, mpunga wa barele, ndi buledi wa nyama. Anayeza mphamvu ndi zomanga thupi zimene thupi limatenga m'chakudya chilichonse, n'kulengeza kuti mpunga woyera wapambana. Kuyezako kunali kwaukatswiri, koma anayesa timagulu ta asilikali ochepa kwa masiku owerengeka chabe, pomwe beriberi amafuna miyezi kuti aonekere. Funso limene linayankhidwa silinali limene linkapha anthu. Mu 1901 analembanso kuti kuchepa kwa matendawa barele atabwera sikutsimikiza kuti barele ndiye wawachepetsa, popeza chinthu kubwera pambuyo pa chinzake sindiye kuti chabadwa mwa chinzakecho.

Pa nthawi ya nkhondo lamulo linali la mpunga woyera, ndipo zotsatira zake n'zimene otsutsa Mori amagwiritsa. Pa nkhondo ya Japan ndi China ya 1894 mpaka 1895, asilikali apamtunda pafupifupi 4,000 anafa ndi beriberi, kuposa kutalitali amene anaphedwa ndi adani. Pa nkhondo yolimbana ndi Russia ya 1904 mpaka 1905, ziwerengero zimene olemba mbiri ambiri amatchula ndi za odwala pafupifupi 250,000 ndi akufa oposa 27,000, pomwe kwa apanyanja odwala anali ochepa kwambiri. Lamulo lothira barele linatuluka mu Malichi 1905, nkhondo itapita kale patali. Mori anali mkulu wa zachipatala za asilikali ku Taiwan kwa miyezi ingapo mu 1895, kumene matendawa anasakaza koopsa, ndipo pa nkhondo ya Russia anali mkulu wa madokotala a gulu lalikulu lachiwiri la nkhondo ku Manchuria. Pachifukwa ichi alipo ku Japan amene amanena mosapsatira kuti wolemba wotchukayu anapha anyamata ambiri kuposa mkulu wa nkhondo aliyense wa ku Russia. Mawu amenewa ndi okokomeza, ndipo omuikira kumbuyo ali ndi mayankho amene sitingawalumphe.

Yankho lawo loyamba ndi lamphamvu. Takaki anachiritsa anthu, koma chifukwa chimene anapereka chinali cholakwika. Iye ankati vuto ndi kuchepa kwa zomanga thupi poyerekeza ndi zopatsa mphamvu, ndipo Mori, amene anaphunzira kuyeza zimenezi kwa akatswiri enieni, anatha kusonyeza kuti mfundoyo siikuimirira. Za mavitamini panalibe amene ankazidziwa. Christiaan Eijkman anaona nkhuku zikupuwala ndi mpunga woyera ku Java m'zaka za m'ma 1890, komabe iyenso anaganiza za poizoni wa mu mpungamo. Suzuki Umetarō analengeza za mankhwala ochokera m'gaga mu 1910, Casimir Funk anabwera ndi dzina la vitamini mu 1912, ndipo vitamini B1 yeniyeniyo inapatulidwa mu 1926. Nanga munthu wa mu 1889 tingamuweruze bwanji ndi nzeru za mu 1926? Iwo amawonjezera kuti chenjezo la Mori la mu 1901 ndi lomwe lija mphunzitsi aliyense wa kafukufuku amaphunzitsa lero, kuti sitima ziwiri zoyenda zaka zosiyana si umboni wosatsutsika, kuti barele savuta kuwonongeka m'nyengo yotentha, ndiponso kuti ngakhale apanyanja matendawa anadzawabwereranso patapita zaka. Wasayansi wokana kulandira mfundo yopanda maziko, akutero iwo, akungochita ntchito yake.

Yankho limeneli limasokoneza mafunso awiri osiyana. Lina ndi lakuti matendawa amayamba bwanji. Lina ndi lakuti tiwadyetse chiyani anyamatawa mawa m'mawa. Wasayansi ali ndi ufulu wodikira zaka makumi anayi pa funso loyamba, koma dokotala wa asilikali alibe ufulu umenewo pa lachiwiri. Ndipo Mori sakanati sadziwa zitsanzo. Asilikali apanyanja a ku Britain anayamba kugawa madzi a mandimu mu 1795 n'kugonjetsa matenda otupitsa nkhama, vitamini C isanalotedwe n'komwe. John Snow anachotsetsa chogwirira cha mjigo wa pa Broad Street ku London mu 1854, zaka pafupifupi makumi atatu Koch asanasonyeze kachilombo ka kolera. Chitsanzo choposa zonse chinali mphunzitsi wake yemwe. Pettenkofer ankakana kuti kachilombo pakokha kangadwalitse kolera, mpaka mu 1892 anamwa dala madzi odzaza ndi tizilomboto kuti atsutse Koch. Mfundo yake inali yolakwika, koma madzi oyera ndi ngalande za zonyansa zimene analimbikitsa ku Munich zinapulumutsa anthu osawerengeka. Ophunzira ake anaona ndi maso kuti chochita chikhoza kukhala cholondola chifukwa chake chili cholakwika. Tiyezenso mtengo wa kulakwa mbali zonse. Akanathira barele n'kupezeka kuti alibe ntchito, asilikali akanangonyinyirika pa chakudya. Posathira barele, n'kupezeka kuti ali ndi ntchito, anthu anafa. Pamene miyeso yapendekeka chonchi, kuumirira umboni wangwiro si kusamala ayi.

Yankho lachiwiri ndi la udindo. Wolamula pa nkhondo ya China anali Ishiguro, pa nkhondo ya Russia anali Koike Masanao, ndipo Mori anafika pampando mu 1907 maliro onsewa atachitika kale. Kuyambira 1899 mpaka 1902 anali ngakhale kutali ndi likulu, ku Kokura, kumene iye mwini ankaona ngati watayidwa. Wolemba mbiri ya matendawa Yamashita Seizō analimbikira mfundo yakuti Mori wasenzetsedwa mlandu wa bungwe lonse chifukwa choti ndiye yekha wotchuka. Pamenepa ndikuvomereza zambiri. Ishiguro ndi Koike sakumbukiridwa ndi anthu wamba, choncho mkwiyo umagwera amene chithunzi chake chili m'mabuku a kusukulu, ndipo kunena kuti Mori anapha anthu 27,000 n'kupeputsa nkhani imene inakhudza unduna, yunivesite ndi nkhokwe za chakudya. Koma bungwe silikana umboni ndi lamulo lokha. Limafuna wina woti alipatse mawu omveka bwino, kuti okhala m'maofesi agone tulo poganiza kuti sayansi ili mbali yawo. Ntchito imeneyo anaigwira ndi Mori, ndipo kafukufuku wake wa 1889 ndi amene akuluakulu ankamutchula pokana barele. Alexander Bay, m'buku lake la 2012 lonena za beriberi ku Japan, anasonyeza mmene ulemu wa mabungwe ndi mpikisano wawo zinachedwetsera choonadi. Wosainira lamulo ali ndi mlandu wake, wolemba zifukwa zake alinso ndi wake.

Apa ndi pamene luso lolemba likulowa m'nkhaniyi, ndipo likulowera khomo limene okonda madokotala olemba nthano sayembekezera. Mori anali katswiri wa mtsutso. Ali mnyamata ku Germany analimbana m'nyuzipepala, m'Chijeremani, ndi Edmund Naumann, katswiri wa miyala amene ananyoza chitukuko cha Japan. Atabwerera anakangana ndi Tsubouchi Shōyō mu 1891 ndi 1892 pa za cholinga cha zolembalemba, ndipo m'magazini a zachipatala ankamenyana ndi aliyense womuputa. Ankadziwa kupeza pofooka pa mfundo ya mnzake n'kukanikiza pomwepo. Takaki analibe lilime lotere. Anali ndi sitima ziwiri, mabuku a ziwerengero ndi chifukwa chopunduka. Pa bwalo la mawu Mori ankapambana, ndipo kupambana kulikonse kunkatalikitsa moyo wa mfundo yolakwika. Dokotala wosadziwa kulemba akalakwa, kulakwa kwake kumathera m'chipinda chake. Wodziwa kulemba akalakwa, ena amakuloweza pamtima. Ndiye ngati tifunsa chimene cholembera chinachitira udokotala wa Mori, yankho loona ndi lakuti chinaupatsa mphamvu, koma sichinausankhire kolowera.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani zake zopeka zimadziwa bwino lomwe matenda a mtima amene ndikunenawa. Mfumu yaikulu Meiji itamwalira mu 1912, mkulu wa nkhondo Nogi Maresuke anadzipha pa tsiku la maliro kuti atsatire mbuye wake, ndipo Mori anatembenukira ku nkhani za makedzana zofufuza kumvera ndi ulemu. Mu Abe Ichizoku ya 1913, mtumiki wokhulupirika amapempha chilolezo chofa pamodzi ndi mbuye wake amene akudwala. Mbuyeyo amakana, osati pa chifukwa chomveka, koma poti mtumikiyo sanamukondepo, ngakhale kuti sanamupezepo cholakwa. Anthu amayamba kunong'ona kuti mtumikiyo ndi wamantha, iye amadzipha wopanda chilolezo, ndipo kuumirira kwa mbali zonse kumathera pa kuphedwa kwa banja lonse. Palibe m'nkhanimo munthu woipa kwenikweni. Muli anthu amene sangabwerere m'mbuyo chifukwa ena akuwaona. Wolemba amene anatha kuona zimenezi mwa anthu a zaka za m'ma 1640 sanali wakhungu pa za kunyada kwa maudindo. Mu Maihime namo, mnyamata wophunzira ku Berlin amasiya mtsikana wachijeremani ali ndi pakati, mutu utasokonezeka, chifukwa ntchito ya boma yamuitana kwawo, ndipo amafotokoza kufooka kwakeko momveka bwino zedi koma osasintha kanthu. Mori ankalemba za anthu odziwa choyenera amene amasankha kumvera.

Takasebune ya 1916 ndiyo imapweteka kwambiri. Wapolisi akuperekeza pa bwato mkaidi wopita kuchilumba cha akaidi, amene mlandu wake ndi wopha mng'ono wake. Mkaidiyo amafotokoza kuti mng'onoyo, atatopa ndi matenda, anadzicheka pakhosi koma osafa, ndipo anamupempha kuti azule lumo kuti ululu uthe. Wapolisi uja amavutika mumtima, osadziwa ngati kumeneku n'kupha, ndipo pomaliza amaganiza zongosiya nkhaniyo m'manja mwa akuluakulu, ngakhale mtima wake sukukhazikika. Nkhaniyi imawerengedwabe pokamba za odwala ofuna kufupikitsiridwa ululu, ndipo ikusonyeza dokotala womva chisoni chenicheni ndi munthu mmodzi wovutika. Pamenepa ndi pamene ndikusiyana ndi okonda maphunziro a nthano m'sukulu za udokotala. Iwo akunena zoona kuti nthano imaphunzitsa kuona munthu mmodzi, nkhope yake, mantha ake. Koma beriberi sankafuna luso limenelo. Ankafuna munthu wotha kuyang'ana mndandanda wa manambala wopanda nkhope, wolembedwa ndi wopikisana naye wa bungwe lina, wophunzira kudziko lina, n'kunena kuti ngakhale sindikumvetsa, uyu akupulumutsa anthu. Chisoni ndi kudzichepetsa pamaso pa umboni si chinthu chimodzi, ndipo nthano imalima choyambacho kuposa chachiwiri.

Wina anganene kuti ndasankha chitsanzo choipa dala, n'kunditchulira Chekhov. Iyeyu mu 1890 anadutsa Siberia yense kukafika pachilumba cha akaidi cha Sakhalin, kumene analemba makadi pafupifupi 10,000 a kalembera wa anthu okhala kumeneko, ndipo mu 1892 anagwira ntchito yokonzekera mliri wa kolera m'midzi yozungulira Melikhovo. Chaka chomwecho anatulutsa nkhani ya dokotala amene amadzitonthoza ndi nzeru zakuya m'malo mokonza chipatala chake chonyansa. Zoonadi, mwa Chekhov wolemba ndi dokotala ankayenda njira imodzi. Koma taonani chimene anachita ku Sakhalin: anawerenga anthu, khomo ndi khomo, ntchito yotopetsa imene Takaki akanaizindikira msanga. Komanso Chekhov analibe mpando woti auteteze, kapena mkulu woti amusangalatse. Conan Doyle ndiye amasokoneza zinthu kotheratu. Mu 1890 anapita ku Berlin kukaona mankhwala a Koch a chifuwa chachikulu amene dziko lonse linkawatamanda, ndipo analemba mokayikira kuti angachiritse, n'kupezeka kuti ananena zoona. Munthu yemweyo mu 1920 anakhulupirira zithunzi za tianthu tamapiko zimene atsikana awiri a ku Cottingley anachita kudula pa mapepala. Anthu atatu, onse madokotala, onse akatswiri a nthano, ndipo kaweruzidwe kawo ka umboni n'kosiyana kutalitali. Chimene chikuwasiyanitsa chiyenera kukhala china, osati nthanozo.

Koma a mapanga awiri nawonso asafulumire kuomba m'manja. Mori sanalakwe chifukwa chogawa nthawi. Ankagona pang'ono, ntchito ya ku ofesi sankaizemba, ndipo Chijeremani cha sayansi ankachiwerenga kuposa anzake ambiri. Ishiguro, Koike ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Tokyo sanalembe nthano zotchuka, komabe analakwa chimodzimodzi. Ogata Masanori, amene mu 1885 analengeza kuti wapeza kachilombo ka beriberi mpaka wasayansi mnzake Kitasato Shibasaburō anadzamutsutsa, anali munthu wa labotale yekhayekha. Kulakwa kwa Mori kunali kwa sayansi yodzikhulupirira, yonyoza chilichonse chosatuluka mu labotale, osati kwa munthu wolota nthano. Amene akufuna kuti mabuku ake atayidwe chifukwa cha mpunga nawonso akuphonya. Abe Ichizoku sinachepe mphamvu chifukwa wolemba wake anagwa m'dzenje limene anafotokoza. Kwa ine, kudziwa za beriberi kumaipatsa nkhaniyo kulemera kwina, chifukwa ikuchokera kwa munthu wodziwa kuchokera m'kati mmene bungwe limamangira munthu wanzeru. Chimene sitingachite ndi kugwiritsa ntchito kukongola kwa nkhaniyo ngati chikhululukiro, kapena ngati umboni wakuti wolemba wake anali dokotala womvetsera.

Omuikira kumbuyo amasunga mfundo imodzi yomalizira. Mu 1908, chaka chimodzi atakhala pampando, kunakhazikitsidwa komiti ya boma yofufuza beriberi ndipo Mori ndiye anali wapampando wake woyamba. Komitiyo inasonkhanitsa akatswiri a mabungwe osiyanasiyana, inatumiza anthu ku Batavia, ku Java, kukaona ntchito ya madokotala achidatchi, inalipirira kafukufuku zaka zambiri, ndipo pamene inkatsekedwa mu 1924 inali itafika pa mfundo yakuti matendawa amayamba makamaka chifukwa chosowa vitamini B. Amati munthu wodana ndi choonadi sakanamanga nyumba imene choonadicho chinadzatulukiramo. Mfundoyi ndi yoona mbali ina, ndipo ikutsimikiza kuti Mori ankafunadi kudziwa. Koma m'komiti yomweyo, Tsuzuki Jinnosuke, dokotala wa asilikali amene anabwerera ku Batavia atakhutira kuti yankho lili m'gaga la mpunga, sanakhalitsemo. Ndipo funso limene komitiyo inayankha ndi loyamba lija, la gwero la matenda, limene Mori ankalilemekeza kuyambira kale. Iye anamwalira pa 9 Julayi 1922, chigamulocho chisanatuluke. Funso lachiwiri, la chimene msilikali adye, sitima ya Tsukuba inali italiyankha mu 1884, ndipo nkhondo ziwiri zija zinamenyedwa pakati pa mayankho awiriwa.